Scroll saw: kudula zokongoletsa pathabwa mosathamanga

Mwa makina onse a mu shopu ya matabwa, scroll saw ndi amene munthu angathe kuwagwiritsa ntchito atakhala pampando, wailesi ikulira pambali iye n'kumaimva bwinobwino. Salira mogonthetsa m'khutu, safuna malo aakulu, ndipo tizidutswa ta matabwa timene kalipentala amakankhira pakona tingathe kukusungani madzulo onse. Ambiri amene amawagula si akalipentala n'komwe. Ndi anthu ofuna chogwira ndi manja mutu ukatopa. Maso akakhala pa kamzere kamodzi, manja akuyendetsa thabwa pang'onopang'ono, nkhawa za tsikulo zimasowa polowera.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumvetsa. Pali kasowo kowonda kwambiri, kotalika masentimita pafupifupi 13, komangidwa kumwamba ndi kumunsi. Kamadutsa pa kabowo ka pakati pa tebulo n'kumakwera ndi kutsika mofulumira. Amene anaonapo telala pa makina osokera amvetsa msanga: singano imakhala pamalo amodzi, choyenda ndi nsalu. Panonso kasowo sikachoka pamalo pake, wotembenuza thabwa ndinu. Chimene chimasiyanitsa makinawa ndi masowo ena n'chakuti kasowo mungathe kukamasula mbali imodzi, kukalowetsa pabowo limene mwaboola pakati pa thabwa, n'kudula mkati osakhudza m'mphepete. Zilembo za mayina, maluwa, nyama, mafelemu a zithunzi ndi zidole za ana zimatuluka mwa njira imeneyi.

Luso lake ndi lakale kuposa magetsi. M'zaka za m'ma 1760, John Spilsbury, wojambula mapu wa ku London, ankamata mapu pathabwa lopyapyala n'kuwadula motsata malire a mayiko kuti ana aziphunzira powalumikizanso, ndipo ambiri amati ma jigsaw puzzle anayambira pamenepo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makina opalasa ndi phazi anali atafala m'nyumba zambiri ku Britain ndi ku America. A masiku ano angowonjezera mota.

Kusankha makina

Pa bokosi la makina mudzaona nambala monga 16, 18 kapena 20. Amenewo ndi mainchi, ndipo akunena mtunda wochokera pa kasowo kufika pa mzati wa kumbuyo. A mainchi 16, omwe ndi masentimita pafupifupi 40, ndi okwanira kwa woyamba. DeWalt DW788 ya mainchi 20, kapena makina a kampani ya ku Germany ya Hegner, ndi abwino ndithu, koma musayambire pamenepo musanadziwe ngati ntchitoyi ikukukomerani.

Chofunika kuposa kukula ndi mtundu wa timasowo timene makinawo amalandira. Timasowo tina tili ndi kachitsulo kopingasa kunsonga zonse ziwiri. N'tosavuta kuika, koma kachitsuloko kamafuna bowo la mamilimita pafupifupi 5 kuti kadutse, ndiye kuti zodula zing'onozing'ono za mkati simungazithe. Topanda kachitsulo timadutsa ngakhale pabowo la milimita imodzi. Sankhani makina olandira timeneti. Liwiro nalo lizisinthika: makina ambiri otere amakwera ndi kutsika kuyambira ka 400 mpaka cha m'ma 1,700 pa mphindi imodzi, ndipo woyamba amafuna liwiro lotsika. Yesaninso kumasula ndi kumanga kasowo musanagule. Pa pateni (chojambula cha papepala chimene mumatsata podula) ya mabowo 50 mudzachita zimenezi ka 50, ndiye ngati nthawi iliyonse pakufunika sipanala, mtima udzakwera ntchito isanafike pakati.

Makina onjenjemera amatopetsa maso. Amangireni ndi mabawuti pa benchi yolemera, kapena ikani labala pansi pake.

Timasowo

Apa ndiye pofunika kusaumira. Makina wamba okhala ndi kasowo kabwino amagwira ntchito yooneka kuposa makina apamwamba okhala ndi kasowo kobuntha, ndipo timasowo tobwera m'bokosi limodzi ndi makina kawirikawiri sitipita patali. Mayina odziwika ndi monga Olson, Pégas ndi Flying Dutchman, ndipo timagulitsidwa m'mapaketi a 12.

Timasowo tili ndi manambala. Nambala ikamakwera, kasowo kamanenepa ndipo mano ake amatalikirana. Thabwa la mamilimita 3 mpaka 6 limafuna nambala 2 kapena 3. La mamilimita 10 mpaka 12 limayenda bwino ndi nambala 5. La mamilimita 20 limafuna nambala 7, ndipo lonenepa kuposa apo, 9 kapena 12. Kowonda kamakhota bwino pamakona koma kamachedwa ndipo kamathyoka msanga, pamene konenepa kamathamanga koma sikalola kukhota mwadzidzidzi. Mukagula nambala 3, 5 ndi 7 mwakwanitsa zonse zimene mudzadule miyezi yoyambirira.

Kupatula nambala, pali kakhalidwe ka mano. Ka skip tooth kali ndi mipata pakati pa mano, mipatayo imatulutsa utuchi, choncho sikatentha msanga. Ka reverse tooth kali ndi mano angapo kumunsi oloza m'mwamba, amene amateteza kunsi kwa thabwa kuti kusang'ambike n'kusiya tiziminga. Pa plywood ine ndimaona kuti kameneka n'kabwino kuposa tonse, chifukwa kamachepetsa ntchito ya sandipepala. Palinso ka spiral, kopotedwa kuti kazidula mbali zonse popanda kutembenuza thabwa. Kamamveka ngati kophweka, koma n'kovuta kukasunga pamzere ndipo kamasiya njira yotakata. Kasiyireni mtsogolo.

Kasowo sikakhalitsa. Theka la ola lodula mosalekeza lingathe kukabunthitsa, ndipo pathabwa lolimba sikafika n'komwe pamenepo. Mukaona kuti mwayamba kukankha ndi mphamvu, kasintheni ngakhale kasanathyoke.

Zida zina za pabenchi

Drill ndi yofunika kuyambira tsiku loyamba, pamodzi ndi mabiti ang'onoang'ono a milimita 1, 1.5 ndi 2. Ya m'manja imakwanira, ngakhale kuti yoima pa mzati imaboola mowongoka, zomwe zimathandiza pathabwa lonenepa. Pezaninso tepi ya pepala imene amagwiritsa ntchito openta, guluu womatira mapepala, selotepi yaikulu yomatira makatoni, sandipepala ya nambala 120, 180 ndi 220, timatupa ting'onoting'ono tolowa m'mabowo, ndi sikweya yaing'ono. Nyale yopindika yowunikira pa kasowo penipeni imasintha zinthu kwambiri, makamaka kwa amene maso ayamba kufooka, ndipo zina zimabwera ndi galasi lokulitsa. Swichi yoponda ndi phazi si yokakamiza, koma imalola manja onse awiri kukhala pathabwa poyatsa ndi pozimitsa.

Za fumbi musazitenge mopepuka. Kasowo kakang'ono kamatulutsa fumbi losalala kwambiri, ndipo nkhope yanu imakhala pafupi nalo nthawi yonse. Mu 1995, bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Valani masiki ya FFP2 kapena N95, tsegulani mawindo, ndipo ngati muli ndi makina oyamwa fumbi ikani paipi yake pansi pa tebulo. Kapaipi kouzira mpweya kamene kali pa makina kamangochotsa utuchi pamzere kuti muziona, ndiye kalozetseni kumbali, osati kwa inu. Magalasi oteteza maso valaninso. Magolovesi ayi: amakodwa pa mano ndipo amakulepheretsani kumva mmene thabwa likuyendera.

Thabwa loyambira

Plywood ya mtengo wa birch ya mamilimita 6 ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa ndi yofanana paliponse ndipo tizigawo towonda sitithyoka msanga. Plywood yotchipa imakhala ndi mapanga mkati amene amaonekera mutadula kale. Paini ndi wofewa, koma mizere yake ina ndi yolimba ina yofewa, ndiye kasowo kamati kakuchedwa kenaka n'kulumpha. Pewani pamene pali mfundo. Matabwa olimba monga cherry ndi maple amatuluka okongola koma amapsa msanga m'mphepete. MDF (thabwa lopangidwa ndi tinyenyeswa ta mitengo topanikizidwa ndi guluu) imadulika mosavuta, vuto lake ndi fumbi losakanikirana ndi guluu. Lililonse limene mwasankha likhale louma ndi losapindika, chifukwa thabwa lopindika siligona patebulo, limangogunda.

Kumata pateni ndi kuboola

Pateni yoyamba ikhale yosavuta: nsomba, mtima, kapena chilembo chimodzi chachikulu, chokhala ndi mabowo a mkati awiri kapena atatu. Gwiritsani ntchito fotokope, pepala lenileni musunge. Kwechani thabwa ndi sandipepala mbali zonse ziwiri musanayambe, chifukwa likadulidwa kale tizigawo towonda timathyoka pokwecha.

Matani tepi ya openta pamwamba ponse pa thabwa. Pakani guluu kumbuyo kwa pateni n'kuimata pa tepiyo, n'kusisita mpaka pasatsale potukuka. Pomaliza mudzangosenda tepi, pepala n'kuchoka nayo limodzi, thabwa n'kutsala loyera. Ngati thabwalo ndi lolimba, onjezerani selotepi pamwamba pa pateni. Imathandiza kasowo kutsetsereka ndipo m'mphepete simupsa msanga.

Musanaboole, tengani pensulo mulembe X paliponse pamene padzachotsedwe. Apa ndi pamene mudzaone ngati pateniyo ili ndi msampha. Mukamadula chilembo O kuti chichoke m'thabwa, pakati pake padzagwa ngati simusiya timilatho tiwiri tokagwira. A, B, D, P ndi R nazonso n'chimodzimodzi.

Boolani bowo limodzi pa X aliyense, pafupi ndi kona kapena ndi mzere, koma osati pamzere penipeni. Ikani thabwa lotha ntchito pansi kuti biti isang'ambe potulukira, kenaka kwechani kunsi kuti thabwa lizitsetsereka patebulo.

Kumanga kasowo

Zimitsani makina. Mano aloze kwa inu ndiponso pansi (pa ka reverse tooth, mano ambiriwo ndiwo aloze pansi). Pa timasowo towonda maso amanama, ndiye yendetsani chala pang'onopang'ono kuchokera kumunsi kupita m'mwamba: chikamakodwa, kali bwino. Kasowo kozondoka kamanyamula thabwa m'malo molipanikizira patebulo. Timasowo tatsopano timabwera ndi mafuta, choncho kwechani nsonga zonse ziwiri ndi sandipepala kuti tisapulumuke. Mangani kumunsi, kenaka kumwamba, ndiye kungani.

Kukunga kumasokoneza oyamba ambiri chifukwa amaopa kuthyola. Zoona zake n'zakuti kasowo kolendewera kamathyoka kawirikawiri kuposa kokungika, ndipo kamasochera pamzere. Kakhwatuleni ndi chala: kazilira kuti ng'ii, mawu okwera ndi omveka bwino. Mukakakankha cham'mbali kasapindike kuposa mamilimita 3.

Onaninso ngati tebulo lili sikweya ndi kasowo, poti matebulo amenewa amapendekeka mpaka madigiri 45 ndipo kachizindikiro ka pansi sikanena zoona nthawi zonse. Tengani kachidutswa konenepa masentimita 2, dulani pang'ono chabe, zimitsani. Zungulitsani kachidutswako, osakatembenuza chadodolido, mukaike kumbuyo kwa kasowo. Msana wa kasowo ukalowa bwinobwino mu kanjira kamene mwadula, tebulo lili bwino. Ukakana, likonzeni muyesenso.

Kudula

Pateni idikire kaye. Jambulani mizere pathabwa lotha ntchito: wowongoka, wokhotakhota, wa makona akuthwa, ndi wozungulira ngati nkhono. Ikani liwiro pakati kapena pansi pang'ono. Tsitsani kaphazi kopanikiza thabwa mpaka kangokhudza.

Chinthu choyamba chimene mudzaone n'chakuti mzere wowongoka ndi wovuta kuposa wokhota. Timasowo tambiri timatuluka kufakitale tili ndi mbali imodzi yakuthwa kuposa inzake, choncho timakokera kumbali. Si vuto la makina, si vuto lanunso. Lowetsani thabwa mopendekeka pang'ono mpaka kasowo katsate mzere, ndipo ngati zikukusokonezani sunthani mpando pang'ono kuti mzerewo uoneke wowongoka kuchokera pamene mwakhala.

Manja onse awiri agone pathabwa, lina uku lina uku, chala chisakhale pamzere kutsogolo kwa mano. Panikizani pansi mokwanira kuti kasowo pokwera kasanyamule thabwa. Likayamba kugunda patebulo kuti gugugu, ndiye kuti mwatayirira kapena mwakhota mothamanga. Maso akhale patsogolo pang'ono pa kasowo, pamene mukupita, osati pa mano penipeni.

Wodula ndi kasowo. Ntchito yanu ndi kupereka thabwa pa liwiro limene mano akutha kudya, ndi kulitembenuza. Kankhirani kutsogolo kokha, kumene kuli mano. Kukankhira m'mbali kumapinda kasowo, ndipo mudzapeza kuti pamwamba mwatsata mzere koma kunsi kwapita kwina. Njira yodziyesera ndi iyi: muli pakati podula, pepukitsani manja kamphindi. Thabwa likabwerera lokha kumbali, ndiye kuti mumakankha kasowo mokhotetsa. Chitani zimenezi pafupipafupi mpaka manja azolowere. Mapewa nawo muziwakumbukira, chifukwa oyamba ambiri amawakweza mpaka m'makutu n'kumagwira mpweya. Atsitseni, pumani bwino, ndipo pakatha theka la ola imirirani muwongole msana. Kupumula kumene anthu amakuyamikira pa ntchitoyi kumayamba pamene mwasiya kulimbana ndi makina.

Mukasochera pamzere, musabwerere mwadzidzidzi, chifukwa pamatsala chibanthu chooneka. Bwererani pang'onopang'ono pa mtunda wautali. Pepala likachoka palibe adzadziwe pamene mzere unali.

Makona ali ndi nzeru yake. Msana wa kasowo ulibe mano, ndiye ndi pamene mumatsamira potembenuka. Mukafika pakona siyani kukankha, kokerani thabwa kwa inu pang'ono chabe kuti litsamire pamsana wa kasowo, ikani chala chimodzi pafupi kuti chikhale potembenukira, zungulitsani thabwa mofulumira makina akuyendabe, ndiye pitirizani. Mukazengereza pakona thabwa limapsa. Ngati kunja kwa kona ndi kotaya, pali njira yophweka: pitirirani mzere, zungulirani m'malo otayawo, mubwerere kudzalowa mzere wachiwiri. Kona imatuluka yakuthwa bwino. Pa kona yopanikizika ya mkati, dulani mpaka kunsonga, bwererani m'mbuyo, dutsani m'malo otaya, mufikenso kunsongako kuchokera mbali inayo. Ena amakhudzitsa kamwala konolera kumsana kwa kasowo makina akuyenda kuti kusalale, ndipo kutembenuka kumaphweka.

Tsopano bwererani ku pateni yanu. Yambani ndi mabowo a mkati, ang'onoang'ono ndi a pakati poyamba, n'kumapita kunja, ndipo mzere wozungulira kunja ukhale womaliza. Mukatero thabwa limakhala ndi pogwira ndiponso mphamvu mpaka kumapeto. Pa bowo lililonse zimitsani, masulani kasowo kumwamba, kalowetseni pabowo, mangani, kungani. Pafupi ndi tizigawo tosalimba, bwezerani chidutswa chimene mwadula m'malo mwake n'kuchigwira ndi tepi kuti chichirikize zinzake. Ngati tizidutswa tikugwera m'kabowo ka patebulo, dulani kakhadi kolimba mpaka pakati, kasowo kali momwemo, n'kukamata patebulo.

Zikavuta

M'mphepete mukamada ndi kununkha kupsa, kasowo kabuntha, kapena liwiro lakwera, kapena nambala yake ndi yaing'ono pa thabwalo. Chidutswa chikamatuluka mbali imodzi yokha n'kukana inayo, tebulo lapendekeka kapena mukukankhira m'mbali. Kasowo kakamapulumuka pomangira, pukutani mafuta pa nsonga ndi pa zomangirazo. Kuthyoka kwa kasowo kumadzidzimutsa chifukwa cha phokoso lake, koma kumachitikira aliyense: zimitsani, chotsani zidutswa zonse ziwiri, ikani kena. Kukamachitika pafupipafupi, onani kakungidwe ndi mphamvu imene mukukankhira.

Kumalizitsa

Sendani tepi modekha. Kwechani kunsi ndi sandipepala ya 220 mutaika ntchito yanu pamalo osalala, ndipo m'mabowo lowetsani katupa kapena kachidutswa ka sandipepala kopinda. Pa chinthu cha mabowo ambiri, burashi ya vanishi imasiya madontho m'makona. Mafuta monga Danish oil kapena linseed yogulitsidwa ndi dzina loti boiled linseed oil ndi osavuta: thirani m'mbale yosaya, viikani, tulutsani, pukutani otsala, siyani ziume. Nsanza zimene mwapukutira mafuta amenewa musaziunjike. Mafutawo akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zounjikana zingathe kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chotambasula, kapena ziviikeni m'madzi. Ngati ndi chidole cha mwana wosakwana zaka 3, pasakhale kachidutswa kotha kulowa m'kamwa, ndipo penti kapena mafuta akhale olembedwa kuti ndi oyenera zidole.

Dzanja likazolowera, yesani kusanjikiza. Mangani pamodzi plywood zitatu kapena zinayi za mamilimita 3 ndi tepi m'mphepete, matani pateni pamwamba, mudule kamodzi. Mumapeza zinthu zitatu kapena zinayi zofanana, komanso kasowo kamamvera bwino kusiyana ndi pa plywood imodzi yopyapyala, pamene kamathamanga kuposa manja. Pa ntchito imeneyi tebulo liyenera kukhala sikweya ndithu, apo ayi cha pansi chidzasiyana ndi cha pamwamba.

Mukaweruka, masulani kasowo pang'ono kuti kasagone kokungika, sesani utuchi pansi pa tebulo, ndipo zulani pulagi, makamaka ngati ana amafika pamene pali makinawo.